Tomato wa dzinja: mmene ndimalimbanirana ndi chiwawu ndi tuta

Tomato wa dzinja ndiye ali ndi ndalama kuno ku Lilongwe. Mu Febuluwale ndi Malichi madimba ambiri amakhala atamira, tomato amasowa, ndipo mavenda a kumsika wa Wakawaka amachita kukulondola kumunda. Koma ndi tomato yemweyonso amene chiwawu, matenda owaula masamba, chimamukonda. Ine ndimalima cha ku Mitundu, ndipo zimene ndikulemba pano ndi mmene ndimayendetsera munda kuyambira pa nazale mpaka tsiku lozula mitengo.

Ntchito imayambira posankha malo. Pamene chaka chatha panali tomato, kachewere, tsabola, mabiringanya kapena fodya sindibzalapo, chifukwa mbewu zonsezi n'zapachibale ndipo matenda ake ambiri ndi amodzi. Ndimafuna pomwe panali chimanga, pamtunda, posadikha madzi. Nazale ndimaikweza ndipo ndimafesa mopatulira, poti mbande zothithikana zimaola m'tsinde n'kugwa zili zazing'ono. Powokera sindiumira malo. Mphepo iziyenda pakati pa mizere kuti masamba aziuma msanga mvula ikakata. Mitengo yomangirira ndimazika msanga, pansi ndimayala udzu wouma, masamba okhudza dothi ndimathyola. Mvula ikamenya dothi losaphimbira, matope amathovukira m'masamba, matenda n'kukwera nawo.

Chiwawu chili pawiri, ndipo mlimi ayenera kuchisiyanitsa ndi maso ake. China chimayamba pa masamba akale a m'munsi: mabanga oderako okhala ndi timizere tozungulira mkati mwake, tsamba n'kumachita chikasu m'mbali. Chimenechi chimakwera pang'onopang'ono, chimakupatsako mpata. Choopsa ndi chinacho. Chimabwera nthawi ya mvumbi, kunja kukazizira, masamba akagona onyowa. Umapeza tsamba lada ngati wina walithira madzi otentha. Ukalitembenuza m'mamawa mame asanakamuke, m'mphepete mwa bangalo kunsi kwake muli nguwi yoyera. Kenako tsinde limada, zipatso zimachita mabanga olimba, ndipo munda wonse utha kupsa sabata ziwiri zisanakwane.

Apa m'pamene anzathu ambiri amatayira ndalama. Mancozeb, amene tonse timangoti Dithane, pamodzi ndi mankhwala a kopa, sachiza tsamba lodwala. Amangokuta tsamba labwino kuti matenda asalowe. N'chifukwa chake ine ndimayamba kupopera ndisanaone banga ndi limodzi lomwe, sabata ndi sabata mvula ikalimbikira. Ikagwa yamphamvu nditangomaliza kupopera, ndimadziwa kuti yatsuka, ndiye kukacha ndibwereze. Ridomil, amene amalowa mkati mwa mbewu, ndimasungira masiku a mvumbi, ndipo sindipyola kuchuluka kwa maulendo amene alembedwa pa paketi, chifukwa chiwawu sichichedwa kumuzolowera.

Tizilombo ndiye nkhani ina. Kumeneko sinditsegula botolo ndisanaone mdani. M'mawa uliwonse ndimadutsa m'mizere, kuima apa ndi apo, kutembenuza masamba. Chimene ndimafunafuna kwambiri ndi tuta. Kachilombo kameneka kwawo ndi ku South America. Kanafika ku Spain mu 2006, n'kufalikira mu Africa mpaka kudzatipeza kuno. Mayi wake ndi kagulugufe kotuwa kakang'onong'ono, kouluka madzulo. Mbozi yake ikaswa imalowa pakati penipeni pa tsamba n'kumadya mkati, khungu la tsambalo n'kulisiya. Mukaliloza kudzuwa tsamba lotere muona malo oonekera, mkati muli tindowe takuda, nthawi zina kambozi kobiriwirako kakuyenda. Pa chipatso, tukulani kachisoti kobiriwira ka pa phesi: kabowo kake kamabisala pamenepo, ndipo tomato amayamba kuolera pomwepo. Akakhala masamba ochepa ndimangothyola, kuponya m'thumba n'kukakwirira mozama kutali ndi munda.

Zikachuluka m'pamene mankhwala amalowa, ndipo pano ndilankhule mosabisa: cypermethrin, amene timathamangira chifukwa chotchipa, tuta sakumumvanso kwenikweni. Choipitsitsa, amapha tizilombo tabwino timene timadya akangaude ofiira, ndiye kukangotentha akangaudewo amaswana mpaka masamba kuchita mbuu. Pa tuta ndimasinthanitsa emamectin benzoate ndi Belt kuti asawazolowere, pa akangaude ndimagwiritsa ntchito abamectin. Kusintha kwake kukhale kwenikweni. Mabotolo awiri a mayina osiyana atha kukhala ndi mankhwala amodzimodzi, choncho ndimawerenga timalemba tating'ono tonena zomwe zili mkatimo. Nsabwe zikangoyamba kumene pa nsonga, madzi a masamba a nimu kapena ombwe osinja, othira sopo pang'ono, amandikwanira.

Chikandizunguza mutu, ndimaika tsamba kapena mtengo wonse m'pulasitiki n'kupita nawo kwa alangizi. Ndi iwo amene anandionetsa mmene tingadziwire matenda ofotetsa tomato ali wobiriwira, dothi lili lonyowa. Mumadula tsinde n'kuviika nsonga yake m'tambula ya galasi ya madzi oyera, osagwedeza. Mukaona timadzi toyera tikutsika kuchokera m'tsindemo, amenewo ndi mabakiteriya a m'nthaka, ndipo palibe chopopera chimene chingathandize. Ndi kuzula basi, ndi dothi lake lomwe, n'kuonetsetsa kuti madzi ochokera pamenepo asayenderere ku mizere ina.

Mankhwala ndimagula m'sitolo za zipangizo za ulimi, osatsegula, okhala ndi lebulo, ovomerezedwa ndi a Pesticides Control Board. Aja opungulira m'timabotolo topanda dzina pamsika sindiwayandikira, chifukwa sungadziwe chomwe chilimo kapena mlingo wake. Ndimapopera chakumadzulo, dzuwa litapepa, mphepo itadekha, njuchi zitachepa pa maluwa, ndipo nozo ndimailozetsa kunsi kwa masamba komwe tizilombo timabisala. Gambutsi, magolovesi, malaya a manja aatali ndi chotchinga kukamwa ndi mphuno sizisowa. Mnyamata amene amandithandiza amadandaula kuti zikutentha, koma sindimulola kusenza sipuleya asanavale. Potsuka sipuleya sitipita kumtsinje. Kumunsi kuli amayi akuchapa, ng'ombe zikumwa.

Tomato akayamba kupsa, dongosolo langa ndi kuthyola kaye, kupopera pambuyo, kenako kudikira masiku onse amene lebulo yanena ndisanathyolenso. Venda ataima ndi ndalama m'manja, mtima umafuna kufupikitsa masikuwo. Koma zimandiwawa ndikaona tomato wa ufa woyera wa mankhwala pa benchi mumsika, podziwa kuti madzulo omwewo alowa mu ndiwo za ana a munthu. Tomato amene ndimagulitsa ndi yemweyo amene amadyedwa kunyumba kwanga.

Kukolola kukatha sindisiya mitengo itaima. Munda wosiyidwa ndiwo umaweta tuta. Ndimazula zonse, kutola zipatso zoola, kukwirira kapena kuotcha, ndipo mitengo yomangirira ndimaiyanika padzuwa kutali ndi nazale yatsopano. Anzanga oyandikana nawo munda ndimawapempha kuti tizule nthawi imodzi, poti kagulugufe kaja kamangouluka kuchoka m'munda wawo kulowa mwanga. Pamalo pamenepo pamalowa anyezi kapena nyemba, ndipo tomato sabwererapo mpaka patapita zaka zitatu.