Tsiku lomwe ndinapha antchito a bwana ndi chala changa

Chaka changa choyamba pa famu ya mpesa kuno ku Stellenbosch, ku South Africa, ndinayaluka moti mpaka pano anzanga sanaiwale. Unali mwezi wa Disembala, tikuthothola masamba kuti mphesa zizipitidwa mphepo, ndiye kuseli kwa tsamba lina ndinaona tinthu toyera mbuu, taubweya ngati thonje, ine nkuyamba kutitswanya kamodzikamodzi ndi chala uku ndikudzimva kuti lero ndiye ndagwira ntchito. Kapitawo atafika anangogwira kumutu. Akuti amwene, tomwe mukuphato ndi ana a tizilombo tomwe bwana anagula ndi ndalama mwezi watha.

Kugula tizilombo? Kwathu ku Nkhotakota ukalankhula zimenezo akhoza kukuperekeza ku Zomba.

Nkhani yake ili apa. Mdani wamkulu wa mpesa kuno ndi mealybug, m'bale wake wa kodikodi uja wa m'chinangwa, kachilombo koyera kofewa kamene kamabisala pansi pa khungwa nthawi yozizira, kukafunda nkukwera kumasamba mpaka kulowa m'kati mwa phava. Kuyamwa madzi a mtengoko nkochepa, choipa zedi nchakuti kamanyamula matenda a leafroll kuchoka pa mtengo wina kupita pa wina. Mtengo wa mphesa zakuda ukadwala masamba amafiira koma timitsempha nkutsala tobiriwira, m'mphepete nkupindikira pansi, mphesa osapsa bwino, shuga wochepa. Mankhwala ake kulibe, umangozula basi, mtengo woti unadikira zaka kuti ubereke. Kupopera nako sikuthandiza kwenikweni chifukwa kachilomboko kali ndi phula pathupi komanso kali pansi pa khungwa, poizoni amathera pa tizilombo tabwino tomwe timayenda poyera.

Tomwe ndinapha tija ndi ana a Cryptolaemus, kachikumbu kakuda kamutu wa olenji kochokera ku Australia, komwe kamadya mealybug. Mwana wake amafanana ndi mealybug yemweyo, kungoti ndi wamkuluko, ubweya wautali, ndipo amayenda mwachangu pomwe mealybug amangokhala phee. Pano ndimasiyanitsa ndili chiimire. Palinso timavu ting'onoting'ono, Anagyrus ndi kena timangoti Perminutus, tosaluma munthu, timabwera m'timabokosi tomwe timakoleka pa waya. Kamavu kamaboola mealybug nkuikira dzira m'kati, mwana amadya mwini nyumbayo mpaka kuuma gwaa ngati kambewu ka mpunga, kenako nkutuluka kusiya kabowo. Ndikaona tizikhokho tobooka timeneto pansi pa khungwa mtima umakhala m'malo.

Koma chomwe sindinkachidziwa, ndipo ndikuona kuti ngakhale mabwana ena sachimvetsa, ndi nyerere. Mealybug amatulutsa timadzi totsekemera tomata, tomwe timadetsa masamba ngati mwaye, ndiye nyerere zimamuweta ngati mmene ife timawetera ng'ombe, zimamulondera usana ndi usiku, kamavu kakangotera zimakathamangitsa. Chaka china buloko yathu ya kumunsi tinathira timavu kawiri konse koma mphesa zinatuluka zomata zokhazokha, bwana nkumati anamugulitsa tizilombo takufa, pomwe tonse ogwira mmenemo timaona nyerere zili mdipiti kukwera thunthu. Chaka chotsatira tinayamba ndi nyerere, mankhwala pa tsinde pokha osati mtengo wonse, kudula udzu ndi nthambi zokhudza pansi kuti zisapeze mlatho, mathirakitala nawo anauzidwa achepetse liwiro poti fumbi limasokoneza timavu. Zinasintha, koma osati sabata yomweyo ayi. Apa mpomwe anthu amagwa ulesi, sipuleya ukapopera m'mawa madzulo waona mitembo, izi ndiye umadikira masabata uku ukuwerenga timuna ta mealybug tomwe tamatika pa msampha wachikasu wa fungo la yaikazi.

Za abakha a ku famu ya mpesa ya Vergenoegd mwina munaziona pa Facebook, ine ndinapita ndekha kukaona Loweruka lina. Abakha a mtundu wa Indian Runner oposa 1,000, owongoka ngati botolo, sayenda monyang'wa ngati athu aja koma kuthamanga, amatuluka pa mzere kupita m'munda kukadya nkhono zomwe zimadya mphukira mpesa ukamaphuka, manyowa nkusiya momwemo. Mphesa zikapsa amawachotsamo, nawonso amazikonda. Ndinaseka ndekha kuganiza kuti kwathu gulu limeneli silingafike Khirisimasi.

Nditawaimbira mayi pa WhatsApp kuwafotokozera zogula tizilombozi ndimayembekeza kuti aseka, koma iwo anangoti nanga chinangwa chathu unkayesa chinapulumuka bwanji? M'ma 1980 kodikodi anavuta zedi m'mbali mwa nyanja, makamaka ku Nkhata Bay, nsonga za chinangwa kufota, anthu a kondowole njala nkuwagwira. Chomwe chinathandiza ndi kamavu kenanso ka mtundu womwewu, kotchedwa lopezi, komwe akatswiri a bungwe lofufuza za ulimi la IITA ku Nigeria anakatenga ku South America kwawo kwa chinangwa nkukamwaza m'maiko ambiri a mu Africa, kwathu komwe. Hans Herren yemwe ankatsogolera ntchitoyo analandira nayo World Food Prize mu 1995. Ndiye kuti ine ndakula ndi kondowole wa timavu osadziwa, mpaka kudzazionera ku Joni m'munda wa eni.

Sabata yatha kwabwera mnyamata watsopano wa ku Mangochi, ndamupeza atawerama pa tsamba chala chili chire. Ndinamugwira dzanja msanga, aise dikira kaye, kaone ngati kakuyenda.