Nsangwe pa laputopu: pomwe ndafika ndi manambala a Gaia

Mitambo yayamba kusonkhana madzulo kuno ku Area 25, ndiye zoyang'ana kumwamba ndi maso ndaziika kaye pambali. Mwezi uno ntchito yonse yachitikira pa laputopu, ndipo ndi ija ndinalonjeza ulendo wathawu: kuyeza ndekha mtunda wochoka kuno kukafika ku Nsangwe, kagulu ka nyenyezi kamene mabuku a sayansi amakatchula kuti Pleiades.

Kwa inu amene mwangondipeza kumene, manambala ndikuwatenga kwa Gaia, telesikopu ya bungwe la European Space Agency. Anaitumiza m'mlengalenga mu Disembala 2013, n'kukaikhazika pa mtunda wa makilomita pafupifupi 1.5 miliyoni kuchoka padziko, dera lomwelo kumene kuli telesikopu ina yotchedwa James Webb. Gaia sinali yojambula zithunzi zokongola ngati telesikopu ya Hubble ayi. Iyo inkangoyeza, mobwerezabwereza, pamene nyenyezi iliyonse ili, kuwala kwake ndi mtundu wake. Anaizimitsa mu Malichi 2025, koma zimene inasonkhanitsa zilipo, ndipo mndandanda umene anatulutsa mu Juni 2022 uli ndi nyenyezi pafupifupi 1.8 biliyoni. Aliyense angathe kukatapamo mwaulere. Chimene umalipira ndi bandulo basi.

Chinthu choyamba chofunika kuchimvetsa ndi parallax. Mukakwera minibasi yopita ku Dedza, mitengo ya m'mphepete mwa msewu imathamangira kumbuyo, pomwe phiri la Nkhoma limangosendera pang'onopang'ono. Chapafupi chimasuntha kwambiri, chakutali pang'ono. Dziko lathu nalo likamazungulira dzuwa, pakatha miyezi 6 limakhala lili makilomita pafupifupi 300 miliyoni kuchoka pomwe linali, motero nyenyezi zapafupi zimaoneka ngati zasendera poyerekeza ndi zakutali. Theka la kusenderako ndiye parallax. Kuchepa kwake n'kosanena: tengani digiri imodzi, muigawe pa 3,600, kachidutswa kamodziko mukagawenso pa 1,000. Kotsalako ndiko kamuyezo kotchedwa mas, ndipo parallax ya Nsangwe ndi timiyezo totere 7 ndi kanthu pang'ono.

Kudziwa zimenezi kumapulumutsa bandulo. Pa tsamba la Gaia umalemba pempho lako m'chinenero cha makompyuta chotchedwa ADQL, ndipo kusefa kumachitikira konko, iwe umangolandira zotsala. Ine ndinapempha nyenyezi za m'kati mwa madigiri 3 kuzungulira Alcyone, yowala kwambiri m'gulumo, koma zokhazo zimene parallax yake ikuposa 5 mas ndipo inayezedwa bwino. Fayilo inabwera yaing'ono, yocheperapo kuposa vidiyo za paukwati zimene achibale amaponya pa WhatsApp. Mukapanda kusefa, mulandira mulu wa nyenyezi zakumbuyo zimene sizikukhudzana n'komwe ndi Nsangwe.

Ngakhale utasefa chotero, alendo amatsalamo ndithu, nyenyezi zimene zangopezeka mbali yomweyo ya thambo. Apa m'pamene ndinasangalala kwambiri. Nsangwe zinabadwira pamodzi, mumtambo umodzi wa mpweya ndi fumbi, ndipo mpaka lero zikuyenda ulendo umodzi, pa liwiro lofanana. Gaia inayezanso kayendedwe ka nyenyezi iliyonse pathambo chaka ndi chaka. Ndinatsegula fayiloyo mu TOPCAT, pulogalamu yaulere imene Mark Taylor wa ku Bristol analemba, n'kujambula galafu ya kayendedweko, kum'mawa ndi kumadzulo mbali ina, kumpoto ndi kumwera mbali inayo. Alendo aja anamwazikana galafu yonse. Koma pamalo amodzi, cha pa 20 mas pachaka chakum'mawa ndi 45 mas pachaka chakumwera, madontho anaunjikana thithithi. Ndinawazunguliza mzere ndi mausi, ndipo amenewo ndiwo a pabanjapo. Ndi maso timaona 6 kapena 7, koma gululi lili ndi nyenyezi zoposa 1,000, zambiri mwa izo zazing'ono, zofiirira, zowala mochepera dzuwa lathu.

Kenako masamu a pulayimale. Parallax ya pakati ya nyenyezi zimene ndinasankhazo inatuluka 7.36. Ukagawa 1,000 ndi nambala imeneyi umapeza mtunda m'maparsec, ndipo yankho ndi pafupifupi 136. Parsec imodzi ndi mtunda umene kuwala kumayenda pa zaka 3.26, ndiye kuti kuwala kwa Nsangwe kumatenga zaka zoposa pang'ono 440 kuti kutipeze. Kumene tikuona chaka chinochi kunanyamuka cha m'ma 1580, a Kalonga akulamulira ufumu wa Maravi. Langizo limodzi kwa ofuna kuyesa: yambani mwapeza parallax ya pakati kenako mugawe, osati kusandutsa nyenyezi iliyonse kukhala mtunda n'kumaphatikiza pambuyo, chifukwa nyenyezi zosawala, zimene muyezo wake uli wogwedera, zimakoka yankho. Palinso kavuto kakang'ono kodziwika m'maparallax a Gaia kamene akatswiri amakonza, koma pa gulu lapafupi ngati ili kusiyana kwake sikufika parsec imodzi, ndiye ndakasiya.

Mwina wina afunsa kuti kuvutikiranji, poti nambalayi ili kale pa intaneti. Chinandikoka ine n'chakuti pa nambala imeneyi akatswiri anakanganapo zaka zambiri. Gaia isanabwere kunali Hipparcos, telesikopu ya bungwe lomwelo, imene inagwira ntchito kuyambira 1989 mpaka 1993. Iyo inati Nsangwe zili pa maparsec pafupifupi 120, pomwe njira zina zinkaloza cha m'ma 130 ndi kupitirira. Kusiyanako kukuoneka kochepa, koma kunali ndi mano. Gulu likakhala pafupi kuposa mmene timaganizira, ndiye kuti nyenyezi zake n'zosawala kwenikweni ngati mmene masamu a kapangidwe ka nyenyezi amanenera, ndipo masamu omwewo ndi amene amagwiritsidwa ntchito poyeza zaka ndi mitunda ya magulu ena akutali. Mu 2014 gulu lotsogoleredwa ndi Carl Melis linayeza pogwiritsa ntchito matelesikopu a wailesi otalikirana, n'kupeza 136.2. Manambala a Gaia atatuluka anagwirizana nawo. Hipparcos inachita ntchito yotamandika pa nyenyezi zoposa 100,000, koma pa kachigawo aka ka thambo inaphonya. Mlandu umene unatenga zaka pafupifupi 20, lero munthu akuubwereza pa laputopu yakale, batire likuwerenga maminitsi magetsi atazima. Ine sindinazolowerebe zimenezo.

Galafu yachiwiri ndiyo yandichedwetsa kugona. Ukaika mtundu wa nyenyezi mbali ina, kuwala kwake mbali inayo, mamembala onse amandandalika mumzere umodzi wopyapyala, kuchokera pa zabuluu zowala kwambiri pamwamba kutsetsereka mpaka pa zofiira zosawala pansi. Mzerewo ukupyapyala chifukwa zonse n'zamsinkhu umodzi ndipo zili pa mtunda wofanana; chosiyana ndi kulemera kokha. Mwana wa achemwali anga, amene ali Fomu 3, anasuzumira n'kunena kuti, "Malume, mizere ndikuionayi ndi iwiri." Sananame. Pamwamba pa mzere waukuluwo pali wina wa madontho apatalipatali. Zimenezo ndi nyenyezi ziwiriziwiri zozungulirana, zoyandikana kwambiri moti Gaia inaziona ngati imodzi. Zikakhala zofanana, mtundu susintha koma kuwala kumawirikiza, ndipo pa muyezo wa kuwala umene akatswiri amagwiritsa ntchito, kuwirikizako kumakweza dontho ndi 0.75. Ndinayeza mpata wa pakati pa mizereyo n'kupeza kuti n'chimodzimodzi. Mnyamatayo ndamuuza kuti galafu yotsatira ajambula yekha.

Kumtunda kwenikweni kwa mzere sindikukudalira kwambiri. Alcyone ndi zinzake zowala, monga Atlas, Electra ndi Maia, zimachita kuthobwa makamera a Gaia, amene anapangidwira nyenyezi zosawala, choncho manambala ake sakhala oyera ngati a zinazo. N'zachisoni pang'ono, chifukwa zaka za gululi zimaonekera komweko: nyenyezi zolemera zimatha mafuta msanga n'kuyamba kupatuka pamzere. Akatswiri amati Nsangwe zili ndi zaka zoposa pang'ono 100 miliyoni, makanda enieni poyerekeza ndi dzuwa lathu la zaka 4.6 biliyoni. Nambala imeneyo ndangoilandira, sindinaiyeze.

Chotsatira ndi kazunguliridwe ka nyenyezizi. Telesikopu ya Kepler, pa gawo lachiwiri la ntchito yake lotchedwa K2, inayang'anitsitsa Nsangwe kwa miyezi yoposa iwiri mu 2015. Nyenyezi ikakhala ndi mawanga, kuwala kwake kumatsika n'kukwera pamene ikuzungulira, ndipo mwa zing'onozing'onozi zina zimamaliza kuzungulira tsiku lisanathe, pomwe dzuwa limatenga masiku pafupifupi 25. Lightkurve, pulogalamu yowerengera manambala a Kepler, ndaika kale, koma imafuna chinenero cha makompyuta cha Python, ndipo Python yanga idakali yokwawa. Ngati alipo mu Lilongwe muno amene amaidziwa bwino, tipezane Loweruka lina. Fayilo ya mamembala ndili nayo pa fulashi.