Sabata Yoyendetsa Nthumwi pa Siteshoni ya Zanyengo ku Salima

Msonkhano unali wa masiku asanu ku Senga Bay, mwezi wa Okutobala, ndipo okonza anapempha kuti nthumwi 48 zikaone kumene manambala a zanyengo amachokera. Pa pulogalamu analembapo 2 koloko masana, anthu akatha kudya nkhomaliro. Ntchito yoyamba Lolemba inali kufufuta nthawi imeneyo. Masana a Okutobala ku Salima dzuwa limaswa mtengo, ndipo mumpanda wa zipangizo mulibe mthunzi, chifukwa mitengo sifunika pafupi. Koma chifukwa chachikulu n'chakuti ntchito yeniyeni imaoneka 8 koloko m'mawa, yomwe ndi 06:00 pa nthawi ya dziko lonse ya UTC. Pamenepo ndi pamene mvula ya maola 24 imayezedwa, mathemometa amawerengedwa ndi kubwezeretsedwa, madzi a m'beseni loyezera kuuma kwa madzi amayezedwanso. Mlendo wofika masana amangoona zitsulo zili chete.

Ife oyendetsa ulendowu tinagawa anthu m'magulu anayi a anthu 12. Lachitatu ndi Lachinayi gulu loyamba linyamuke 7 koloko kuti lipeze muyezo wa 8 koloko, lachiwiri lipeze wa 11 koloko. Mumpanda alowe anthu asanu ndi mmodzi pa nthawi imodzi.

Lachiwiri linatha ndi kukonzekera. Kalata ya chilolezo kuchokera ku Nthambi yoona za Kusintha kwa Nyengo ndi Zanyengo inali itafika kale. Tinamanga chingwe choonetsa podutsa, kuti udzu wozungulira mathemometa a m'nthaka usapondedwe. Dothi likagangatika limatentha mosiyana ndi kale, ndipo kusiyanako kumalowa m'kaundula. Kunja kwa mpanda tinaika tebulo la zipangizo zapadera: geji ya mvula yosagwira ntchito, galasi loyezera, themometa yakale ndi makadi oyezera kuwala kwa dzuwa opserera kale. Munthu sangaletsedwe kugwira chinthu chimene chamukopa, choncho ndi bwino kumupatsa choti agwire.

Chimene chinagwira mtima anthu ambiri Lachitatu ndi geji ya mvula, chipangizo chosavuta kuposa zonse. Pakamwa pake ndi mamilimita 127, ndipo mlomo wake umakhala masentimita 30 kuchokera pansi kuti madzi othovoka padothi asalowemo. Tinapatsa mlendo aliyense mamililita 127 a madzi kuti athire mu geji yapadera ija, kenako atsanulire m'galasi n'kuwerenga. Yankho loyenera ndi mamilimita 10. Ambiri anapeza manambala osiyana pang'ono, chifukwa ankayang'ana galasi ali chiimire. Diso liyenera kulingana ndi madzi, galasi liime chilili, ndipo muwerenge pansi pa kupindika kwa madziwo, osati m'mphepete momwe amakwera. Kenako tinawauza kuti milimita imodzi ndi lita imodzi pa sikweya mita, kutanthauza malita 10,000 pa hekitala. Apa alangizi a zaulimi anayamba kulemba. Mayi wina anafunsa chifukwa chake geji ya pasukulu ya kwawo imapereka mvula yochepa nthawi zonse. Titafunsitsa, inapezeka kuti ili m'mbali mwa mtengo wa mango. Geji italikire chotchinga chilichonse kosachepera kawiri kutalika kwa chotchingacho, ndipo kanayi ndiye bwino.

Pa kabokosi koyera ka Stevenson timakhwimitsa malamulo. Muli mathemometa anayi: youma, yonyowa, ya kutentha kwambiri ndi ya kuzizira kwambiri. Chitseko chimatsegulidwa ndi woyeza yekha, amawerenga mwachangu asanapumiremo, n'kutseka. Themometa ya kutentha kwambiri ili ndi kakhosi kopanikiza kamene kamaletsa mercury, madzi onyezimira a m'kati mwake, kubwerera, ndiye munthu akangogwira kamutu kake ndi chala itabwezeretsedwa kale, imakwera n'kukhala pomwepo, ndipo nambala ya tsikulo ikhoza kukhala ya thupi la mlendo, osati ya mpweya. Yonyowa ili ndi kansalu komwe kamayamwa madzi oyera otchezedwa kuchokera m'kabotolo. Kansaluko kakauma kapena kakada ndi fumbi, themometa imawerenga pamwamba ndipo chinyezi chimaoneka chochuluka kuposa chenicheni. M'chilimwe kamafunika kukayang'ana tsiku lililonse.

Vuto linabwera Lachinayi, pa siteshoni yodziyendera yokha. Bambo wina, pofuna kuona mmene kandowa kogubuduka ka geji ya mvula ya makinawo kamagwirira ntchito, anathira madzi a m'botolo lake mu fanelo tisanamuone. Kandowako kamagubuduka pa mamilimita 0.2 aliwonse, ndipo pa fanelo ya masikweya sentimita 200 amenewo ndi mamililita anayi okha. Madzi okwana mamililita 100 ndi magubuduko 25, mvula ya mamilimita asanu pa tsiku lopanda ndi kamtambo komwe. Makinawo sadziwa kusiyanitsa. Amasunga nambala n'kuitumiza pa netiweki ya foni. Choyenera kuchita ndi kulemba ola ndi mphindi nthawi yomweyo, kuimbira osunga deta kuti aike chizindikiro pa muyezowo, ndi kulemba m'kaundula kuti geji yapamanja inali youma. Bamboyo anapepesa kwambiri. Tinagwiritsa ntchito zomwezo pophunzitsa gulu lotsatira chifukwa chake geji yapamanja siyenera kuchotsedwa makina akabwera. Makina amanamanso okha: akangaude amamanga ukonde m'kandowa, zitosi za mbalame zimatseka fanelo, fumbi pa sola limafooketsa batire mpaka deta ya usiku kusowa. Munthu woyang'ana m'mawa uliwonse ndiye amagwira zimenezi.

Pa kachipangizo ka Campbell-Stokes koyezera maola a dzuwa, mpira wagalasi umene umapsereza khadi dzuwa likamawala, tinangodutsapo. Langizo ndi limodzi: musaime pomwe chithunzithunzi chanu chigwere pa galasi.

Beseni loyezera kuuma kwa madzi, la mtundu wa Class A, tinalisunga komaliza dala. Ndi lotambalala masentimita 120.7, lakuya pafupifupi masentimita 25, limakhala pa thandala la matabwa, ndipo madzi ake amasungidwa pakati pa masentimita 5 ndi 7.5 kuchokera pamlomo. Mbalame kapena mbuzi ikamwamo, kapena munthu akasambamo m'manja, kaundula amaonetsa ngati dzuwa lamwa madzi ambiri. Alendo amaliona ngati beseni wamba mpaka atamva kuti nyanja ya Malawi imataya madzi ambiri mwa nthunzi kuposa amene amatuluka mu Shire. Amene anaona nyanja itakwera kudutsa mamita 476 pamwamba pa mulingo wa nyanja yamchere mu 2024, madzi atalowa m'malo ogona alendo m'mphepete muno, anamvetsa msanga chifukwa chake mvula ndi nthunzi ziyenera kuyezedwa limodzi, chaka ndi chaka.

Lachisanu tinatsikira kugombe 6 koloko m'mawa, asodzi a usipa akubwera kumtunda. Mphepo inali ikadachokera kumtunda kupita kunyanja. Dzuwa litakwera inatembenuka n'kuyamba kuchokera kunyanja, monga imachitira masiku abata. Tinapempha asodzi kuti afotokoze okha za mwera wa miyezi yozizira wochokera kum'mwera chakum'mawa, za mpoto ndi za vuma. Gawo limeneli lisamachotsedwe pa ulendo wotere, ngakhale nthawi ichepe, chifukwa chenjezo la mphepo limalembedwera anthu amenewa, ndipo iwo ndi amene anganene ngati limafika asanakankhe bwato madzulo kapena atapita kale.

Masana tinabwerera kusiteshoni kukamasula chingwe, kuyang'ana ndi levulo ngati mlomo wa geji sunapendeke, kusintha kansalu ka themometa yonyowa, ndi kulemba m'danga la ndemanga masiku ndi maola amene alendo anali mumpanda.