Lachinayi: zithunzi 12, cholembedwa n'chimodzi

Patebulo lero pali envulopu ya zithunzi zakale 12 za banja limodzi la ku America, ndipo chimodzi chokha ndicho chili ndi mawu olembedwa ndi dzanja kumbuyo. M'mawa wonse unathera poziyala motsatira zaka, nkhope osaziyang'ana kaye. Nkhope zimanamiza, achibale amafanana. Chimene chimaulula zaka ndi pepala, khadi kapena chitsulo chomwe chithunzicho chinajambulidwapo.

Chimodzi chakuda chinakakamira ku maginito, ndiye kuti ndi tintype, chithunzi chojambulidwa pachitsulo chopyapyala. Mtunduwu unayamba m'zaka za m'ma 1850 koma unakhalitsa kwambiri, choncho paokha suthandiza kupeza chaka. Komanso nthawi zambiri umaonetsa munthu ngati pagalasi, dzanja lamanja n'kukhala kumanzere. Dzanja lomwe lili ndi mphete lisakupusitseni.

Zisanu ndi timakhadi ta carte de visite, masentimita pafupifupi 6 m'lifupi ndi 10 m'litali. Tonse tachita chikasu, ndipo mukationera pa galasi lokulitsa zinthu pali timing'alu tambirimbiri. Chimasweka choncho ndi choyera cha dzira chimene ankapaka papepalapo. Khadi lopyapyala la ngodya zosongoka limakhala la m'ma 1860, lochindikala la ngodya zozungulira ndi la pambuyo pa 1870. Mwayi unagwera pa tiwiri tokhala ndi sitampa ya msonkho kumbuyo. Boma la America linkadula msonkho wa zithunzi kuyambira Ogasiti 1864 mpaka Ogasiti 1866 basi. Mwana wooneka wa zaka zitatu pakhadi lotere ndiye kuti anabadwa pakati pa 1861 ndi 1863, ndipo kalembera wa 1870 ayenera kumuonetsa ali ndi zaka 7 mpaka 9.

Tsopano cholembedwa chija. Ndi positikhadi yokhala ndi mzere wogawa kumbuyo pakati, zimene ku America zinaloledwa mu 1907. Palembedwa mawu amodzi okha, oti agogo, ndi bolopeni. Apa ndi pamene ambiri amasochera. Bolopeni inafala pambuyo pa 1945, choncho wolembayo analemba patapita zaka zambiri, mwina za m'maluwa. Ndiye agogo a ndani? A wolembayo, osati a mwini envulopu. Mukalakwitsa pamenepa, mbadwo wathunthu umasowa mumzera wa banja. Dzina la wojambula ndi adiresi yake n'zodalirikako, chifukwa mabuku a maadiresi a m'mizinda amaonetsa zaka zimene anali pamalopo. Kalembera wa 1880 amatchula ubale wa aliyense ndi mutu wa banja, koma wa 1890 musamudalire, mbali yaikulu inawonongeka ndi moto wa mu 1921.

Masana inali ntchito ya sikana: 600 dpi (timadontho 600 pa inchi iliyonse), mafailo a TIFF (mtundu wosataya ubwino wa chithunzi), kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Chilichonse chapatsidwa nambala ndi pensulo yofewa ya 2B m'mphepete, osasindikiza. Tintype siilembedwa, nambala yake ili pa kathumba. Chimodzi chinamatirira ku galasi la felemu chifukwa cha chinyontho. Chasiyidwa momwemo n'kujambulidwa kudzera pagalasipo, poti mukachikoka, nkhope imatsalira pagalasi, m'manja n'kutsala pepala loyera.

Madzulo chilichonse chalowa m'kathumba kake ka polyester. Pulasitiki ya PVC ayi, imatulutsa mankhwala odya chithunzi, chimodzimodzi maalubamu a masamba omata aja. Bokosi likhala m'chipinda chozizira, chinyontho cha mumpweya chili pakati pa 30 ndi 40 peresenti, kutali ndi denga ndi khoma lonyowa.

Mawa kufufuza kuyambira pa wojambula wa timakhadi ta sitampa tija, kenako mabanja a mumzinda umenewo okhala ndi mwana wa msinkhu woyenera mu 1870.