Ku Orlando, Spider-Man mumupeza kwa Universal, osati kwa Disney

Pali cholakwika chimene mabanja ambiri amachita akafika ku Orlando, m'boma la Florida ku America, ndipo chimadya ndalama zambiri. Amagula matikiti a Walt Disney World poganiza kuti popeza Disney ndi mwini wa Marvel, kampani ya ngwazi za m'mabuku a zithunzi ndi m'mafilimu, ana akakaona Spider-Man, Hulk ndi Captain America kumeneko. Amalowa, kuzungulira tsiku lonse, osamupeza ndi mmodzi yemwe. Ngwazi zimenezi zili kwa kampani yopikisana ndi Disney, pa paki ya Universal Islands of Adventure, ulendo wa pafupifupi mphindi 20 pa galimoto.

Gwero lake ndi pepala limene linasainidwa mu 1994. Nthawi imeneyo Marvel inali kampani ya mabuku a zithunzi yomwe inkayenda motsimphina pa ndalama, moti mu 1996 inagweratu m'ngongole. Kampani ya MCA, imene inali mwini wa Universal, inagula ufulu wogwiritsa ntchito ngwazi za Marvel m'mapaki a zisangalalo. Mgwirizanowo ulibe tsiku lotha: bola pakiyo ikhale yotsegula, yosamalidwa bwino, ndipo ndalama zikulipidwa. Unanenanso kuti kum'mawa kwa mtsinje wa Mississippi palibe wina aliyense angagwiritse ntchito ngwazi zimene Universal ikugwiritsa ntchito, pamodzi ndi magulu awo onse, kutanthauza Avengers, X-Men, Fantastic Four ndi onse a kwa Spider-Man. Pamene Disney inagula Marvel mu 2009 pa mtengo wa pafupifupi madola 4 biliyoni, inagula pamodzi ndi chingwe chimenechi. Florida ili kum'mawa kwa Mississippi. Nkhani yatha pamenepo.

Tsono ulendo woyenera umayambira pa chipata cha Islands of Adventure, paki imene inatsegulidwa pa 28 Meyi 1999. Fikani mphindi 30 kapena 45 chipata chisanatsegulidwe. Mukadutsa msika wa pakhomo wotchedwa Port of Entry, mufika pa nyanja yokumba imene ili pakati pa paki. Khoterani kumanzere. Simungasochere, chifukwa njanji zobiriwira za Incredible Hulk Coaster, rolakosita (sitima yosangalatsa yothamanga pa njanji zokwera ndi zopindika), zimapinda pamwamba pa njira imene mukuyendamo, ndipo mkokomo wake umamveka musanaione n'komwe. Dera limeneli ndi Marvel Super Hero Island.

Amene anazolowera mafilimu amadabwa poyamba. Pano mulibe nkhope ya wosewera filimu aliyense. Makoma ali ndi zithunzi zikuluzikulu zojambula pamanja za Adam Kubert, ndipo zikwangwani za nyumba zimangoti "Store" kapena "Shop", monga zimakhalira kumbuyo kwa chithunzi cha m'buku la makomiki. Malowa anamangidwa zaka pafupifupi khumi mafilimu a Marvel Studios asanayambe mu 2008, ndipo ngwazi zake ndi za m'mabuku. Ine ndimaona kuti zimenezi n'zimene zawapulumutsa. Filimu imakalamba, wosewera amasiya ntchito, koma Spider-Man wojambulidwa sasintha nkhope.

Yambani ndi Hulk m'mawa muno mzere usanatalike. Pali zinthu zitatu zimene zimabwezetsa anthu pakhomo pake. Choyamba ndi msinkhu: mwana ayenera kufika masentimita 137, ndipo amayezadi pa ndodo, palibe kuchonderera. Muyezeni kunyumba atavala nsapato zimene akavale, kuti misozi isakagwe pagulu. Chachiwiri ndi matumba. Pali makina ofufuza zitsulo ngati a pa bwalo la ndege, ndipo foni, makiyi, ndalama zachitsulo, zonse zimayenera kutsala m'loka, kabati yokhoma yosungiramo katundu. Maloka aang'ono ndi aulere pa nthawi imene mukukwerayo, ndipo amatsegulidwa ndi tikiti yanu ya paki, choncho tikitiyo musaitsekere m'katimo. Lamuloli si lovutitsa anthu: njanji zimadutsa pamwamba pa mitu ya oyenda pansi, ndipo foni yogwa kuchokera m'sitima yothamanga makilomita 108 pa ola ingavulaze munthu koopsa. Chachitatu ndi thupi. Chotchingira chimatsikira pamapewa n'kumangidwa ndi lamba, ndipo chikapanda kutsekeka simukwera. Panja pali mpando woyeserera. Anthu a thupi lalikulu aukhalire kaye asanataye ola lathunthu pamzere.

Sitima yake imanyamula anthu 32, m'mizere isanu ndi itatu ya anthu anayi. Imayamba kukwera pang'onopang'ono m'paipi lalikulu, ngati rolakosita wina aliyense, kenako mwadzidzidzi matayala a m'mbali mwa njanji amaigwira n'kuiponya chokweza, kufika makilomita 64 pa ola m'masekondi awiri. Mukangotuluka m'paipimo, muli kale chadodolido, pamwamba pa mamita oposa 30, kenako n'kugwera kumadzi. Imakutembenuzani kasanu ndi kawiri. Mphamvu ya magetsi imene kuponyako kumafuna ndi yaikulu kwambiri moti saikoka mwachindunji ku mawaya a mzinda. Makina ozungulira olemera amaisunga pang'onopang'ono n'kuitulutsa nthawi imodzi. Njanjizi zinapangidwa ndi kampani ya ku Switzerland ya Bolliger & Mabillard, ndipo zimene mukukwera lero si zoyamba zija ayi: mu Seputembala 2015 anatseka, n'kuchotsa njanji zakale, n'kuika zatsopano motsata njira yomweyo, n'kutsegulanso mu Ogasiti 2016. Tsamizani mutu kumbuyo pa mpando. Amene amaweramira kutsogolo ndi amene amatsika makutu akuwawa chifukwa chomenyetsa ku chotchingira.

Koma chimene munthu angawolokere nyanja ndi The Amazing Adventures of Spider-Man, ndipo pano ndikhalitsapo pang'ono. Kunja kwake sikuoneka kanthu, ndi nyumba chabe. Mzere umadutsa m'maofesi a nyuzipepala ya Daily Bugle, mmene matebulo, matayipi ndi mapepala zonse zinapakidwa utoto umodzi wotuwa. Amakupatsani magalasi a 3D, n'kukukwezani m'galimoto ya anthu 12 yotchedwa SCOOP. Galimotoyi imayenda pa njanji yapansi, koma chipinda chimene mwakhalamo chili pa makina amene amachipendeketsa, kuchigwedeza ndi kuchizunguza mbali iliyonse. Pakati pa makoma enieni ndi mapaipi enieni pali mazenera a kanema aakulu 13, ndipo diso silitha kuona pamene khoma lathera ndi pamene kanema wayambira.

Vuto limene akatswiri anakumana nalo linali lakuti chithunzi cha 3D chimaoneka choona pokhapokha munthu ataima malo amodzi, mukasuntha, chimapindika. Iwo anajambula kanema aliyense mopotoza dala, mogwirizana ndi malo amene galimoto ili pa sekondi iliyonse, kuti kwa wokwera chioneke chowongoka. Ndi chifukwa chake Spider-Man akadumphira kutsogolo kwa galimoto, galimotoyo imatitimira nthawi yomweyo ndipo thupi lanu limavomereza. Bomba looneka ngati dzungu likaphulika pa kanema, moto weniweni umalilima pakhoma n'kukuwotchani kumaso. Chimphona chamadzi chikamenya, madontho amakugwerani. Kumapeto mumagwa kuchokera pamwamba pa nyumba, mamita 120, anthu akukuwa, chikhalirecho galimotoyo sinachoke pansi. Kanemayo anamukonzanso mu 2012 kuti aziwala bwino, koma nzeru yake ndi ya mu 1999 yomweyo. Msinkhu wofunika ndi masentimita 102 okha, choncho ana ambiri a zaka zinayi kapena zisanu amaloledwa, ngakhale phokoso ndi mdima zimawaopsa ena. Amene mumachita nseru, maso akamati mukugwa pamene khutu lam'kati likuti ayi, tsinzinani masekondi angapo, zimatha.

Pali zokwera zina ziwiri, koma sizifika pa zoyambazo. Doctor Doom's Fearfall ndi nsanja ziwiri zimene zimakuponyani m'mwamba ndi mpweya wopanikizidwa, msinkhu masentimita 132, ndipo zimatha musanapume kawiri. Storm Force Accelatron ndi makapu ozungulira a ana.

Nyengo ndi imene imasokoneza dongosolo. Kuyambira Juni mpaka Seputembala, ku Florida kumagwa mvula ya mabingu pafupifupi masana alionse, ndipo mphezi ikangoyandikira, Hulk ndi Doctor Doom amatsekedwa, chifukwa ndi zitsulo zazitali zapanja. Spider-Man ali m'nyumba, satsekedwa ndi mvula, koma khamu lonse limathamangira komweko. N'chifukwa chake zapanja muzimalize m'mawa. Ngati muli akuluakulu okhaokha, funsani mzere wa wokwera mmodzimmodzi. Simukhala moyandikana, koma mumadula nthawi kwambiri. Makolo a mwana wamng'ono afunse chipinda chosinthanirana, kumene mmodzi amadikira ndi mwana, mnzake akatsika n'kukwera iye osabwereranso kumapeto kwa mzere. Madzi ozizira a m'kapu amapereka ulere m'malo ogulitsira chakudya mukapempha.

Nanga Disney ya ku Florida ilibiretu kanthu? Inapeza kabowo. Guardians of the Galaxy, gulu lina la ngwazi za Marvel, sanali m'magulu amene Universal ikugwiritsa ntchito, ndipo ndi anthu ochepa ankawadziwa filimu yawo isanatuluke mu 2014. Ndiye pa 27 Meyi 2022, pa paki ya EPCOT, anatsegula Cosmic Rewind, rolakosita wa m'nyumba amene amayamba ndi kuponyedwa chambuyo, ndipo ngolo iliyonse imazungulira payokha kuti muziyang'ana kumene nkhani ikuchitikira. Satembenuza chadodolido, msinkhu ndi masentimita 107, koma kuzungulira mumdimako kumadwalitsa anthu ena. Musakwere mutangodya.

Amene akufuna ngwazi za m'mafilimu zenizenizo apite kumadzulo kwa Mississippi kapena kunja kwa America. Avengers Campus ya ku Disney California Adventure, ku Anaheim, inatsegulidwa pa 4 Juni 2021, ndipo mukaona bwino, dzina lakuti Marvel silili pa chikwangwani cha malowo, chifukwa cha mgwirizano womwe uja. Kumeneko chokwera cha Spider-Man, WEB SLINGERS, ndi masewera: makamera amatsata manja anu, inu n'kumaponya ulusi pa kanema popanda kugwira chilichonse. Ana amachikonda, mikono imatopa, koma pochiyerekeza ndi cha ku Orlando chimachepa. Chimene chimaimitsa anthu ndi chidole cha makina chovala ngati Spider-Man, chimene amachiponya m'mwamba mamita pafupifupi 20 pamwamba pa madenga n'kumapidiguka popanda chingwe. Mu Juni 2022 chinasokonezeka n'kumenya khoma anthu akuona, palibe anavulala.

Kwa abale athu okhala ku Britain, yapafupi ndi Avengers Campus ya ku Disneyland Paris, yotsegulidwa pa 20 Julayi 2022. Kuchokera pakati pa Paris, sitima ya RER A imakafika ku Marne-la-Vallée–Chessy, pakhomo penipeni, m'mphindi pafupifupi 40. Eurostar yochokera ku London yopita komweko mwachindunji inasiya mu 2023, tsopano mumasintha sitima panjira. Rolakosita wake, Flight Force, ndi wakale amene anangomuveka chovala chatsopano, ndipo amafuna masentimita 120. Wa pasipoti ya Malawi kapena Zambia akufunika visa ya Schengen, yolowera ku France ndi mayiko ena a ku Ulaya, ngakhale akhale ndi chilolezo chokhala ku Britain. Za ku America n'zolemera kuposa pamenepo: mu Ogasiti 2025 boma lakumeneko linayamba kufuna chikole cha madola 5,000 mpaka 15,000 kwa ena opempha visa ya alendo ochokera ku Malawi ndi Zambia, ndipo malamulo ake akusinthasintha. Yambani ndi ofesi ya kazembe musanalipire ndege kapena tikiti ya paki.

Okonda Batman ndi Superman, amene ndi a DC pansi pa Warner Bros., njira yawo ndi ina. Ku America ali m'mapaki a Six Flags, kumene nthawi zambiri ndi rolakosita wopakidwa utoto wa ngwaziyo basi. Amene anamangadi mizinda yawo ndi Warner Bros. World Abu Dhabi, pa chilumba cha Yas, yotsegulidwa mu Julayi 2018. Gotham City ndi Metropolis zonse zili pansi pa denga limodzi lokhala ndi makina oziziritsa mpweya, choncho mvula kapena dzuwa sizitseketsa chilichonse, ndipo kuchokera ku Dubai ndi ulendo wa pafupifupi ola limodzi pa galimoto.