Nyanja inachoka ine ndili mtulo

Poti kavidiyo kaja kafika mpaka pa gulu la mpingo, ndipo wina wa ku Turffontein kuno ku Joni wakaikira kale nyimbo ya maliro, bola ndifotokoze ndekha musanandimalize Lamlungu pa braai. Inde ndine. Munthu wavala laifi jaketi ya orenji uja, wakhala m'kaboti pamchenga pouma gwa, akupalasa ndi mphamvu zake zonse, ndine ndithu, palibe wandinamizira. Koma aise, amene akusekawo palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa kuti zinayamba bwanji.

Madala, bambo anga, ambiri mukuwadziwa, anaphikira banja lina la azungu ku Bryanston zaka zosawerengeka. Nde mzungu wamwamunayo atapuma pa ntchito, mkazi wake atatisiya, anakagula boti la matanga, lija la mimba ziwiri amati catamaran, nkuwauza madala kuti tiyeni tikapume ku Mozambique, osati za bwana ndi wantchito ayi, ngati anzake basi. Madala anaimbira mtundu wonse mpaka a ku Nkhotakota kuti "ndili pa holide." Ine kukafika ndinawapeza atavala epuloni akupala nsomba. Holide yake imeneyo.

Ndege yochokera pa OR Tambo kupita ku Vilankulo siitha ndi maola awiri omwe, koma nditaona mtengo wa tikiti ndinangozimitsa foni nkumwa madzi. Basi basi. N4, Komatipoort, boda ya Lebombo, kudutsa Ressano Garcia, Maputo, kenako ina ya pa Junta yonyamuka tambala asanalire, makilomita pafupifupi 700 pa EN1 uja, Xai-Xai, Maxixe, Massinga, pofika pa Pambarra pokhotera miyendo inali ya munthu wina. Pagombe ndinalandiridwa ndi madala atavala kabudula wamaluwa ndi magalasi akuda. Bambo anga enieni, amene ndakula osawaonapo mawondo, amene amapita kosambira atavala jekete. Ndinagwada kupereka moni ndikuyang'ana kumbali.

Apa pali nkhani ina imene anthu akuikokomeza, yoti ndinadzitama kwa mzungu kuti ndine mwana wa kunyanja. Ndinanenadi, ndipo si bodza, chiphaso changa chalembedwa Nkhotakota. Zoti anandipititsa kwa azakhali ku Ndirande ndisanayambe sitandade 1 ndipo madzi aakulu amene ndakula nawo ndi a mu Nasolo, iye sanafunse. Kusambira si kuti sindidziwa, sindinapeze mpata chabe.

Titangotukula matanga m'mimba munayamba ndale. Mzungu ali pa chiwongolero akundilozera zilumba mokondwa, icho ndi Magaruque, icho Benguerra, chachikulu cha mapiri a mchenga icho ndi Bazaruto, kuseri uko kuli Santa Carolina komwe kuli bwinja la hotela yakale, malo onsewa ndi paki yotetezedwa kuyambira 1971, ndipo ukachita mwayi uona dugong, chinyama cha m'madzi chodya udzu wa pansi pa nyanja, akuti m'gombe lonse la kum'mawa kwa Africa kuno ndi kumene zatsalako zowerengeka. Ine ndikungoti yes, yes, mutu uli m'ndowa. Za zilumba zimenezo mukafunse ena, ine ndikhoza kukufotokozerani ndowa, inali ya buluu, pansi pake panali kamng'alu. Za chimbudzi chopopa ndi dzanja chija sindiyamba nkomwe, muli ana pa gulu pano.

Mapeto ake mzungu anandipatsa timapilisi ta chizungulire. Osandiuza kuti timagonetsa. Sungani mfundo imeneyi.

Mmawa wake tinali titaponya nangula cha ku Benguerra, madzi obiriwira oti umaona mpaka pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamva ngati munthu. Koma netiweki panalibe, ndipo inu nomwe mukudziwa kuti kufika malo otere osaika pa status ndi chimodzimodzi sunapite, komanso ndimafuna kumva mmene Bullets yachitira. Madala anati cha kufupi ndi mtunda imagwira, tenga kaboti kamphira ako upalase. Nde anandigwira paphewa nkundipatsa malamulo. "Mvetsera mwanawe. Jaketi usavule. Ukafika ponya nangula. Ndipo zivute zitani usatuluke m'botimo, ndimakudziwa iwe, ungamire ndi m'beseni momwe." Ndinati chabwino bambo. Ine ndinaleredwa bwino, kholo likalankhula sindifunsa kuti chifukwa chiyani.

Ndinapalasa, ndinafika, foni inalira kuti tii tii, ndinaponya nangula mwaukatswiri ndithu mpaka madzi kuthovoka. Ndinaika zithunzi zitatu, kulemba kuti "moyo ndi uno", kenako ndinati ndigone chagada pang'ono ndione amene ayambe kuchita nsanje. Kaboti kakundiwerutsa, kamphepo kakuwomba, mapilisi aja akugwira ntchito yawo.

Podzuka nyanja kulibe.

Sindikunena kuti madzi anachepa ayi. Kulibe. Kumanzere mchenga, kumanja mchenga, kutsogolo mchenga mpaka kutali uko kumene kumaoneka kamzere kobiriwira, boti la madala likuoneka kakang'ono. Ndinatseka maso nkutsegulanso. Mchenga. Ndinasuzumira pansi pa kaboti ngati mwina madzi abisala mmenemo, ndinangopeza nkhanu ikundiyang'ana, nayonso inalowa kuuna kwake osanena kanthu.

Tsopano ndimvereni bwino, chifukwa apa ndi pamene pali nzeru zanga zimene vidiyo sikuonetsa. Ine ndimaonera zinthu pa YouTube. Tsunami ya pa 26 December 2004 ija, ku Thailand nyanja inayamba yathawa kaye, anthu nkumatsikira kukatola nsomba pamchenga, kenako chimadzi chinabwera. Nyanja yake iti? Indian Ocean. Ine ndinali pa nyanja iti? Yomweyo. Komanso namondwe Freddy asanakatipweteke ku Blantyre mu 2023 anayamba watsikira cha ku Vilankulo komweku, ndiye dera limeneli si loti Mmalawi azilitenga mwachibwana. Munthu wophunzira aliyense akanaganiza zomwe ndinaganiza ine. Kuthawa wapansi sindikanatha, mtunda unali patali, komanso bambo anati usatuluke. Nde ndinamangitsa malamba a jaketi mpaka kupuma movutikira nkukhala phee, ngati nkhuku yofungatira mazira.

Kenako ndikuona amayi akubwera. Wapansi. Pakati pa nyanja, mabeseni pamutu, zitenje atakwinyira m'chiuno, akucheza zawo, ena akuwerama kutola tinkhono ndi nkhanu. Mtima wanga wachifundo sunalole. Ndinaimirira m'kaboti nkukuwa kuti "Thawani! Thawani amayi!" Anangondiyang'ana. Ndinayesa Chizulu cha mu taxi, "Balekani!" Zii. Chingerezi, zii. Iwo amalankhula Xitswa ndi Chipwitikizi, ine Chipwitikizi changa chonse ndi mawu awiri amene ndinatola pa boda, nde ndinagwiritsa ntchito amene anabwera msanga. Anthu inu, ndinaima m'boti pamtunda pouma, nditavala jaketi ya orenji, ndikuloza kunyanja ndi nkhafi, ndikukuwa ndi misozi m'maso kuti "Obrigado! Obrigado!"

Mayi mmodzi wachikulire anatula beseni, kuyang'ana kumene ndimalozako, kuyang'ana ine, nkuyankha mwaulemu kuti "de nada."

Nditaona kuti anthuwa asankha okha njira yawo, ndinayamba kukonza zanga. Ndinakumbukira kuti funde lalikulu umalilandira ndi mphuno ya boti, osati chammbali, pamene kanga kanali katapingasa. Kutsika kuti ndikatembenuze sikukanatheka, lamulo. Nde ndinazika nkhafi mumchenga nkuyamba kukankha, uku ndi uku, thukuta kamukamu, kaboti kakungolira kwii kwii osasuntha ndi chala chomwe. Ndi pamenepo pamene mukuona muvidiyomo. Sindimapalasa kuti ndipite kwinakwake, sindine wamisala, ndimakonza kaimidwe ka chombo.

Ana anafika. Poyamba anaima patali, kenako mmodzi anakwera nkukhala kutsogolo, wina kumbuyo nkuyamba kulira ngati injini, brrrrr, wachitatu akutolera ndalama zabodza kwa anzake. Ndinapezeka ndili dalaivala wa minibasi. Mayi wina anabwera ndi kokonati, kuisema pompo ndi chikwanje, kundipatsira m'boti momwemo, ndinalipira 50 meticais nkumwa, chifukwa ngakhale ukudikira imfa ludzu limakhalapo. Ndiyeno kunabwera galu. Galu weniweni, wofiirira, wa khutu limodzi logwa. Anazungulira boti kawiri, kulinunkhiza, kukweza mwendo nkulikodzera, kenako ulendo. Pakati pa Indian Ocean. Madzi okhawo amene anakhudza boti langa masana onse amenewo ndi amenewo.

Netiweki inalipo yambiri tsopano, nde ndinatumiza mavoisi. Kwa mlongo wanga ku Area 25 ndinati usamale mayi. Kwa msuweni wanga amene ndimakhala naye ku Rosettenville ndinati mbale wanga zikavuta TV utenge, ndi jekete langa lachikopa lija umalisirira, ndakukhululukira ndi za R300 zija. Ndinalankhula modekha kwambiri, amene amva voisiyo akuvomereza.

Dzuwa litapendeka ndikuona munthu akubwera chapansi kuchokera kumene kunali boti lalikulu, osafulumira, kabudula wamaluwa. Dzanja lina mbale yovindikira, dzanja lina atanyamula chinthu chachitsulo chikukoka chingwe pambuyo. Nangula wanga. Anamutola panjira, kutali ndithu ndi pamene ndinali ine. Zoti mbali ina ya chingwe imafunika kumangirira ku boti, pa malamulo atatu aja panalibepo, ndipo boti la eni ake munthu umayembekeza kuti zinthu ndi zomangamanga kale.

Anafika, kuika nangula pansi, kuika mbale pansi, kutulutsa foni. Eya, amene anajambula ndi bambo anga ondibereka. Anayamba kalekale ali patali, akuti amandionera pa mabainokyula a mzungu kuyambira nthawi ya obrigado, awiriwo akusinthana.

"Moni a kapitawo. Ulendo ukuyenda bwanji?"

"Bambo kwerani msanga, kukubwera tsunami."

Anakhala pamphepete pa kaboti mapazi ali pamchenga, kuvundukula mbale, nsima ndi nsomba yowotcha, kusamba m'manja ndi madzi a m'botolo langa nkuyamba kudya chakudya chimene anati abweretsera ine. Uku akutafuna akundiphunzitsa. Nyanja yamchere imaphwa ndi kudzala kawiri pa tsiku, maola asanu ndi limodzi ikupita, ena otero ikubwerera, umaikoka ndi mwezi, ndipo mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa kumene ndi pamene imathawa kwambiri, tsiku lililonse imachedwerako pafupifupi mphindi 50, zonsezi zinalembedwa m'kabuku kamene kapachikidwa pafupi ndi chiwongolero, kamene ine ndimakaona ngati kalendala ya mpingo wa mzungu. Amalankhula ngati anabadwa nazo, chonsecho ndikudziwa kuti nawonso anazimva mwezi wathawu.

Ndinawafunsa kuti bambo, inu mwakulira pa Nkhotakota, tsiku liti munadzuka nkupeza nyanja yapita? Yathu ija imakwera ndi mvula, imatsika m'chilimwe, pang'onopang'ono, mwaulemu. Ngakhale Chilwa imene inauma mu 1995 inatenga nthawi anthu akuiona, sinachoke munthu atangotsinzina. Anati zimenezo nzoona, komanso nsomba za kuno sizifika pa chambo, koma mwayi wako mphepo imakankhira kumtunda, ikanakhala ina ukanadzukira ku Madagascar. Ndinati ndiye nditsike tizipita. Anati ayi, ndinati usatuluke, khala momwemo, boti la eni ake silingatsale lokha.

Nde anabwerera wapansi ndi mbale yawo. Ine ndinatsala kudikira chimadzi changa chija, ndipo chinabweradi, timadzi tofika m'kakolo, tikuyenda mwaulesi m'timigula ta mchenga, totentha bwino, mwana wina wa zaka ngati zinayi akuthamanga patsogolo pake akutiseka. Kaboti kanadzuka kokha. Ana aja anandikankha nkundibayibitsa, ndipo mayi wa kokonati anakuwa chapatali kuti obrigado, gulu lonse nkugwa ndi phwete.

Ndabwerako ndi khungu losupuka m'mapewa ndi m'khosi, pamene panali jaketi pokha ndi pamene patsala mtundu wanga wakale, ndiye amene amati ife dzuwa silitiwotcha abwere adzaone. Madala akadali komweko, dzulo aimba ali cha ku Inhassoro akufuna ndiwatumizire mankhwala a mano ndi tiyi wa Chombe ngati alipo akubwera naye kuchokera kumudzi. TV ndinaipeza yasamukira kuchipinda kwa msuweni, imeneyo wabweza titakangana. Jekete akukana, akuti mawu a womwalira sabwezedwa, ndipo dzulo analivala popita ku ntchito ku Randburg. Amene ali ndi nambala ya amalume a ku Mayfair anditumizire ku inbox, mwina iwo akamulankhula amva.