Gulugufe wa ku Leopards Hill ndi kashembe wa kwathu

Loweruka lapitali ndinatenga mwana wanga kukayenda m'nkhalango ya miombo cha ku Leopards Hill, kufupi ndi mzinda wa Lusaka. Pandowe ya ng'ombe panatera gulugufe wamkulu wa mtundu wa Charaxes. Mwana anachita tsinya: "Adadi, chokongola chonchi chikudya ndowe?" Ndinaseka. Agulugufe amenewa alibe nawo ntchito kwenikweni maluwa, amakonda madzi a zipatso zowola, utomoni wa mitengo ndi ndowe yomweyo.

Maganizo anandifikitsa kwathu ku Petauke, chakufupi ndi chigwa cha Luangwa, kumene kashembe anatha ng'ombe za agogo. Kantchentche kotuwa, kakatera mapiko amasanjikizana ngati sizasi yotseka. Wamkazi ndi wamwamuna yemwe amayamwa magazi, ndipo akaluma amasiya tizilombo towondetsa ng'ombe mpaka kufa. Kwa anthu ndiye matenda a kaodzera aja.

Koma pa nkhani yolera ana, kashembe ndimamugonjera. Gulugufe amaikira mazira pamasamba n'kuuluka, basi. Kashembe saikira mazira. Amasunga mwana mmodzi m'mimba, kumamudyetsa timadzi tonga mkaka, n'kubala mphutsi imodzi yokha pafupifupi masiku 10 alionse. Mphutsiyo imalowa m'dothi nthawi yomweyo, n'kudzatuluka ili ntchentche patatha pafupifupi mwezi. Mayi wachikondi, koma mfiti yeniyeni!

Kashembe amakopeka ndi nsalu yabuluu ndi yakuda, n'chifukwa chake misampha yake imakhala ya mitundu imeneyi. Tikamapita kumudzi pa Khirisimasi, malaya abuluu a mwanayu atsala kuno ku Lusaka.